Zamphongo Zokhazokha

Ndinalongedza chikwama amayi atapita ku Misa. Giredi 12 ndinali nditamaliza, malo a kukoleji ndisanawapeze, ndipo masiku kwathu ku Kaunda Square, mu Lusaka, sankayenda. Chibwenzi changa Abson anali atapeza ntchito ku Siavonga, yodyetsa nsomba m'makeji a maukonde oyandama pa nyanja ya Kariba. Pa foni ankandiuza kuti ukamwaza chakudya madzi amabwata ngati ali pamoto. Ine nyanja ndinali ndisanaione, koma ndinali nditasankha kale diresi loti ndikaimirire nalo m'boti mwake.

Tsiku limenelo Abson anabwera ndi lole ya kampani kudzatula nsomba kudepoti ku Heavy Industrial Area. Ndinampeza akutsitsa makireti a ayezi, atada, mapewa atatambasuka. Azimayi ogulitsa kumsika wa Soweto anali atafola ndi mabafa awo.

"Emmy, bwanji? Nanga chola ni cha chani?"

"Nibwelela na iwe. Nizankala kumbuyo kwa lole, sinizavuta."

Anaseka, kenako anaona kuti ine sindikuseka. Anatola nsomba imodzi m'kireti n'kuitembenuza.

"Uziba ati zonse izi ni zimuna? Mu keji sitifakamo zikazi."

"Chifukwa?"

"Zikankala pamozi ziyamba kubala, zileka kukula. Mphamvu yonse isilila ku bana."

"Ndiye ine ndine chikazi chamene chizakulesa kukula?"

"Sininakambe choncho."

"Wakamba. Na nsomba mu manja."

Mayi wina pamzere anagunda bafa lake. "Mwana wanga, aba bamuna olo ubasiye beka sibakula. Iwe munyamata, tipimile nsomba, zuba yakwela."

Mzere wonse unaseka. Abson anandikokera kuseri kwa lole n'kutsitsa mawu.

"Nigona mu kontena na banyamata banzanga. Nizakufaka kuti? Lindila tikolole keji yanga, mwina bazanipasa ka nyumba."

"Liti?"

"Zikakula."

"Manje zili bwanji?"

Anandionetsa chala chake chaching'ono, n'kubisa theka.

Ndinafuna kumutukwana. M'malo mwake ndinamufunsa ngati nsombazo zimadya bwino, ndipo anati zimadya, makamaka kukatentha. Dalaivala anaimba huta. Abson anandigwira tsaya ndi dzanja lozizira, lonunkha nsomba, n'kukwera.

Lole inatuluka pageti kumbuyo kuli pululu, malo oti anthu ambiri akanakwanamo. Ndinaimirira pomwepo mpaka inakhota. Tsayalo sindinalipukute. Unali mwezi wa Juni, ndipo ndinayamba kupempherera kutentha.