Makiyi Atatu a Nason

"Anandiuza ineyo, pakamwa pakepo," anatero Luckson, akukonza tayi yomwe anavala ngakhale kunja kunkawotcha ngati ng'anjo. "Akuti tidzamuike ku Dubai konkuno. Ndine mkulu wake, alamu."

Prisca sanatsutse. Mwamuna wake Nason, yemwe thupi lake linali lidakali kumochale, anali atamuuza zina: kwawo ku Ntcheu. Koma mawu a mkazi wamasiye sapikisana ndi tayi.

Nason ankagwira ntchito yokonza zolakwika m'makompyuta a kwantamu, makina a mtima wapachala, oti kukangofunda pang'ono aiwala zomwe amawerengera. Pachakudya ankafotokoza mpaka mpunga kuzizira: uthenga wofunika suusungitsa pamodzi, umaugawa patatu. Ndipo suusuzumira, ungauwononge. Umangofunsa ngati osungawo akugwirizana, wosiyana ndi anzakeyo n'kumukonza. Prisca ankangogwedeza mutu. Lero ndi pomwe chidwi chinamugwira: kodi bamboyu ankachitanso zomwezo ndi anthu?

Anakumbukira kuti makiyi a nyumba yawo ya ku Discovery Gardens anasungitsidwa kwa anthu atatu: Luckson, Uthman woyendetsa takisi, ndi Florah wa kwaya. Anaitana awiri enawo. Sanawafunse kalikonse, poopa kuti amuyankha zomusangalatsa. Anangowatumiza kukhitchini kuti akauzane zomwe malemu anawauza za manda.

Anatuluka tiyi asanawire.

"Khalas, yatha basi, mayi, tagwirizana," anatero Uthman. "Ntcheu. Anandiuza pa msewu wa Al Rigga, tili pa mzere wa magalimoto. Ndinkayesa nthabwala."

"Ine anandiuza pakati pa nyimbo," anatero Florah. "Mpaka ndinasokoneza vesi."

Luckson anakhosomola, namasula tayi pang'ono. Anati mwina Nason sananene ndendende choncho. Mwina ndi iyeyo amene anadandaula za kuvuta kwa mapepala onyamulira maliro, mng'ono wakeyo n'kungokhala chete. Anawonjeza kuti za Ntcheu ankaziganizira kale.

Potsanzikana, aliyense anabweza kiyi wake. Prisca anawayesa pachitseko mmodzimmodzi. Awiri anatsegula. Wa Luckson analowa bwinobwino, koma kuzungulira ayi.

Prisca anayang'ana bini ya zinyalala, kenako anayang'ana kiyi uja. Anamufananiza ndi anzakewo pawindo, napeza dzino limodzi lotalikirapo. Anamuika m'chikwama kuti mawa akamusulitse, adzawabwezere alamu akewo.