Mafataki a Malemu Gerishon

"Ndati mafataki ali kuti, alamu?"

Kalisto anafunsa kachitatu, mfuti ya gogodera ya malemu mkulu wake Gerishon ili pamiyendo. Dothi la pamanda linali lisanaume n'komwe, koma iye anali atayamba kale kugawa za m'nyumba. Mkazi wake Maria ankatulutsa mapoto ndi mabulangete uku akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Manyazi? Anthu awa anawaiwala m'mimba mwa amayi awo. Kuchipinda kokha ndiko sanalowe, chifukwa pakhomo pake panagona Dziwazako, galu wa malemu, mano ali pamtunda.

Modesta, mkazi wamasiyeyo, anatchera khutu lakumanja. Lakumanzere linafa kalekale, tsiku limene Gerishon anabwera atakhuta kachasu n'kuwomba mfuti yomweyi, chipolopolo n'kumulambalala pang'ono kukaboola chitseko. Bowolo likadalipo.

"Wonga ulimo kale, koma popanda fataki, mfutiyi ndi ndodo chabe," anatero Kalisto. "Ano ndi masiku a matipate, alamu, sitikakamizana. Mukandipatsa, mukhala m'nyumba muno mpaka mukolole. Mukakana, lero lomwe ulendo wa kwanu ku Matandani. Munabwera chitengwa, mwana simunatiberekere, dothi lino si lanu."

Ku Matandani akafikira kwa yani? Makolo anatha, munda anagawana ena. Kuno chimanga chake chinali chitabereka kale ana awiriawiri. Mantha anamugwira Modesta, mantha enieni a munthu wopanda kolowera. Anatembenukira kukhoma, namasula pang'ono mfundo ya pansonga ya chitenje, n'kutulutsa kafataki kamodzi, kachipewa kamkuwa kochepa ngati njere ya nandolo.

"Katsala ndi komweka."

Kalisto anakakhazika pa kamchombo ka mfutiyo mwamatama, kanagwera m'fumbi. Anakatola, kanagwanso. Kenaka anakatengera kukamwa kuti akafinye ndi mano.

"Musalume, kakuphulikirani!" Mawu anangomupulumuka Modesta. "Akulu anu ankakakankha ndi kamtengo, pang'onopang'ono, mpaka kakhazikike. Ndi chala ayi."

"Ndiye ikani inuyo, akatswiri."

Anaika. Ndi manja ake omwe, abale inu!

Kalisto anadzuka, n'kulozetsa mfuti pakhomo pa chipinda. Phuu! Utsi woyera unadzaza nyumba, nkhuku panja kuti balala. Dziwazako anadzikhwekhwereza ndi miyendo yakutsogolo mpaka pamapazi a Modesta, n'kutsirizikira pomwepo.

"Imagwira ntchito eti!" Kalisto anaseka mpaka kutsokomola. "Maria, katenge matiresi aja. Inu alamu, nyamukani dzuwa lisanapendeke. Za kukolola zija ndimangokuyesani mtima."

Modesta sanalire. Misozi inathera kumanda, m'chifuwa munangotsala ukali wowuma. Anamanga kamtolo kake, zitenje ziwiri ndi buku la nyimbo, n'kufunditsa galuyo chiguduli. Pakhonde anakumana ndi Maria atanyamula nyali ya malemu.

"Bweretsani dzanja, eni atsopano a katundu wanga," anatero Modesta.

Maria anatambasula dzanja msangamsanga, kuyesa wapata china. Modesta anamasula mfundo yonse, n'kukhuthulira m'chikhatho chija mafataki onse otsala.

"Kodi munkawaba, eti?" ananong'ona Maria.

"Sindinabepo. Kuyambira tsiku la khutuli, amuna anga ankandipatsa okha asanapite kumowa. Ankati, 'Bisa Modesta, usandiuze ngakhale ndikumenye.' Ndipo ankandimenyadi, koma m'mawa ankathokoza." Anapinda zala za Maria chimodzichimodzi, monga ankachitira Gerishon, n'kuzifinya. "Mfutiyo igona kwanu lero, ndipo kamwedwe ka amuna anu mukukadziwa. Bisani. Akakagula ena, muzisaka nokha. Anuwa sadzakupatsani okha."

Nyimbo ya kwaya ija Maria sanaing'ung'udzenso. Modesta anasenza mtolo wake, n'kutsika njira yodutsa m'mphepete mwa chimanga chake. Maria anatsala chiimire pakhonde, dzanja lili chifumbatire.