Chaka cha Ampulifaya ya Bah Rishot

Kong Phidalin anafika kushopu kwanga kokonzerako zamagetsi ku Laitumkhrah, mumzinda wa Shillong, mvula ikugwa, atanyamula ampulifaya ya gitala yokutidwa ndi bulangete. Anali mayi wa zaka zopitirira makumi asanu, mphunzitsi ku Mawlai, dera lina la mzinda womwewu. Kwathu kuno mayi timamulemekeza pomutchula kuti Kong, bambo n'kumati Bah.

"Bah Teibor, ndamva kuti mumadziwa zaka za zinthuzi," anatero.

"Ndakalambira m'mimba mwa zimenezi, Kong. Akazi anga amati ndinakwatira mawaya."

Sanaseke. Ndinawapatsa kwai, mtedza umene timalandirira alendo, kuti atafune, koma anangomufumbata m'manja. Anandiuza kuti ampulifayayo inali ya bambo awo, Bah Rishot, amene ankaimba gitala m'mahotela a mu Shillong. Anati bambowo anafa pa ngozi ya basi mu 1969, Kong Phidalin ali m'mimba. Mayi awo anasunga ampulifayayo kunsi kwa bedi moyo wawo wonse, mpaka anamwalira mwezi wapitawo.

"Ndikufuna ilirenso, ndimve zimene bambo ankamva. Mundiuzenso chaka chimene inapangidwa."

Kumbuyo kwake kunali dzina la Rishot lolembedwa ndi penti yoyera. Anati zilembozo n'zofanana ndi za m'makalata amene bamboyo ankalembera mayi awo.

Ndinamasula thabwa lakumbuyo, n'kupukuta fumbi. Nambala ya panja sindiikhulupirira, anthu amasintha. Zoona zimakhala m'kati. Opanga sipika, thiransifoma ndi timakina ta voliyumu ankadinda chaka ndi sabata pa chilichonse. Sipika inati 1975. Thiransifoma inati 1975, sabata ya makumi atatu. Timakina ta voliyumu natonso tinati 1975. Ndinatenga galasi lokulitsira zilembo n'kuwerenganso.

"Mwangoti duu bwanji, Bah?"

"Kong, chinthuchi chinatuluka mufakitale mu 1975, kapena kuchiyambi kwa 1976."

"Ayi, mwina wina anasintha zam'katimo."

Ndinafuna kuti zikhale choncho. Ndinayang'ana polumikizira mawaya paliponse. Mtovu wake unali wa kufakitale, wosakhudzidwapo ndi munthu. Ngakhale nsalu yakutsogolo inali ya mtundu umene kampaniyo inayamba kuika zaka za m'ma sevente. Ndikanatha kunama, koma anali akundiyang'ana m'maso.

"Palibe anasinthapo, Kong."

Anakhala pa mpando. Anayamba kulankhula, maso ali pansi.

"Ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri kunabwera bambo wina pageti, wamtali, atavala jekete lachikopa. Amayi anandikokera kukhomo lakuseri, akuti pita kwa azakhali ako, usatembenuke. Nditabwerako ndinawapeza akutsuka mbale zotsuka kale. Bokosili ndinayamba kuliona masiku amenewo. Ndinkangoti linali m'nyumba kuyambira kale."

"Alipo amene mungamufunse?"

"Amalume anapita. Azakhali anapita."

Ndinaganiza za anyamata amene ankaimba ndi Rishot. Wotsiriza, woimba ng'oma, tinamuika m'manda chaka chatha. Ndinangowauza kuti masiku amenewo oimba ambiri akuno ankapita kukaimba kumzinda waukulu wa Kolkata.

"Ndiikonzebe?"

"Isiyeni kaye."

Anabweranso patatha miyezi itatu, ataonda. Anali atapita ku Kolkata pa tchuthi cha sukulu. Hotela zambiri anazipeza zitatsekedwa, koma mlonda wina wokalamba anakumbukira Mkhasi, munthu wa mtundu wathu, wamtali woimba gitala, n'kuwalozera ku nyumba ina yosungirako okalamba. Kumeneko anawaonetsa dzina la bambo awo m'kaundula.

"Anamwalira mu 2011, Bah. Ndinali ndi bambo zaka makumi anayi ndi ziwiri. Ine chaka chilichonse ndinkawayatsira kandulo kutchalitchi, eni ake akudya mpunga ku Kolkata."

"Sanasiye mawu aliwonse?"

"Palibe. Amene ankawasamalira akuti ankanena kuti alibe mwana. Sindikudziwa amene anathamangitsa mnzake, amayi kapena iwo. Ndikapita kumanda kwa amayi ndimangoima, pemphero silituluka."

Ndinawauza kuti ntchito yotsala ndi yochepa, kusintha mababu awiri a m'kati mwa ampulifayayo basi, ilira bwinobwino.

"Ilirire ndani?"

Anandifunsa ngati n'kutheka kuti amene anadinda manambalawo analakwitsa. Ndinati munthu mmodzi atha kulakwitsa, koma osati mafakitale atatu. Anagwedeza mutu, nanyamuka.

"Muchite nayo zimene mukufuna, Bah."

Ndinawaimbira foni kawiri, sanayankhe. Pambuyo pake ndinamva kuti anagulitsa nyumba ya mayi awo ku Mawlai, n'kusiyanso ntchito yophunzitsa. Palibe amene anatha kundiuza kumene anasamukira.