Mfundo za a Gwinyai

Nsomba itangokoka, Munetsi anawerama kuti aivuule, ndipo mpando wa malamba wa pachubu chimene ankayandamira unamutaya. Anaterereka n'kulowa pakati pa malamba, madzi ozizira a mwezi wa Juni n'kumufika m'khosi. Anakakamira chubu ndi manja onse awiri, miyendo itakodwa mu namasupuni. Nsomba inapita ndi mbedza yomwe.

"Mwatsikira kukagula chiyani pansipo, akulu?" anakuwa a Zhou, msodzi mnzake amene ankayandama chapatali pa chubu chawo. "Kachitatu sabata ino! Nsalu yobwereka sithetsa usiwa. Kungani mpandowo, ng'ona za m'damu lino la Chivero sizidziwa kuti ndinu ofedwa."

Munetsi anadzikoka n'kukwera, mano akugundana, n'kupalasa ndi timatabwa take mpaka kumtunda.

Chubu cha thirakitalacho chinali cha Gwinyai, mkulu wake. Kwa zaka makumi awiri ankayandama moyandikana, wamkulu kumanzere, wamng'ono kumanja, mpaka chibayo chinatenga Gwinyai nthawi yokolola. Tsiku logawa katundu wa malemu, azakhali anaika chubucho m'manja mwa Munetsi, poti chake chinali zigamba zokhazokha. Koma Gwinyai anali chimunthu. Mpando wake, wolukidwa ndi malamba akale a m'galimoto, unali utalowa pansi ngati beseni, pomwe Munetsi anali wowonda ngati ndodo ya mbedza. Anayesa kuyalapo thumba, linaterereka. Anayesa kabulangete, kanamwa madzi n'kumamukokera pansi. Chofunika ankachidziwa bwino lomwe: kumasula mfundo zisanu ndi zitatu n'kufupikitsa malamba. Koma mfundozo anamanga ndi Gwinyai, mwa kamangidwe kake kamanzere, ndipo Munetsi sankafuna kuzimasula.

Masana amenewo anasenza chubucho, akutsokomola njira yonse, mpaka kunyumba ya malemu ku Norton. Anapeza mlamu wake, mayi a Tsitsi, akumanga mapoto m'chitenje. M'mawa mwake ankabwerera kwawo ku Murehwa.

"Alamu, mwadzera m'madzi kapena mumsewu?"

"Ndimati mundibwereke singano ija yosokera matumba. Ndisokererepo thumba pamwamba, basi."

Mayiyo anagwira mpandowo, n'kuukankha ndi chibakera. Unalowa mpaka m'chigongono. Anayang'ana Munetsi kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Thumba lachita chiyani? Vuto ndi malamba. Masulani."

"Ndi mfundo za achimwene izi."

"Ndikuziona. Ine ndinkagwira mbali iyi iwo akukoka." Munetsi anatsokomolanso, chifuwa chikulira ngati chitini. "Mwamva? Cha achimwene anu chinayamba chonchi. Ndinkawauza, iwo n'kumati ndi chimfine chabe. Mukufuna ndikangofika ku Murehwa ndikwerenso basi kudzalira maliro ena?"

"Ndikakhalapo, alamu, zimakhala ngati..." Munetsi anaweramitsa mutu. "Kunyumba kulibe wondiyankha. Pamadzi ndiye kale ndinkayankhula. Pano ndatsala ndi dzenje anasiya pampandoli."

"Madzi akatayika sawoleka, bambo. Ine ndasiya bedi lonse, inu mukukanika kusiya dzenje?"

Ananena moseka koma maso anali atafiira. Anagwada n'kuyesa mfundo yoyamba ndi zikhadabo, kenako ndi mano. Inakana. Zaka za madzi ndi dzuwa zinali zitaiumitsa gwa.

"Mwamuna ameneyu! Ngakhale kumanda makani sanasiye." Anatulutsa mpeni m'katundu uja n'kuupereka kwa Munetsi, chogwirira kutsogolo. "Ine sindidula. Chubu n'chanu."

Munetsi anaugwira mpeniwo nthawi yaitali. Panja minibasi inaimba hutala, mwana wa oyandikana nawo analira n'kutonthola. Kenako analowetsa mpeni pansi pa mfundo yoyamba. Ya chiwiri inavuta, chifukwa sankaona bwino. Anapitiriza kudula mpaka ya chisanu ndi chitatu.

Ntchito yotsalayo inali ya anthu awiri. Anaika chubu pamwamba pa njerwa, Munetsi n'kukhala pakati, mayi a Tsitsi akukoka lamba lililonse n'kumalemba ndi khala pamene lafika. Anapingasa malamba awiri pansi pa ntchafu, limodzi kumsana, n'kusoka mphambano zonse ndi ulusi wa nsapato kuti zisamayendeyende.

"Yendani uku. Weramani ngati mwakola mlamba. Eya! Tsopano mwakhala ngati munthu, osati ngati nkhuku m'dengu."

Anadya sadza, nsima ya kuno, ndi masamba, aliyense akuyang'ana mbale yake. Potsanzikana, mayiyo anangoti, "Mukapite kuchipatala ndi chifuwacho," ndipo Munetsi analonjeza.

Patapita sabata, mankhwala atagwira ntchito, anabwerera kudamu. Anakankha chubu, n'kukhala. Madzi anangomufika m'mawondo. Anawerama kumanja, mpando unamugwira. Anaweramira kutsogolo, unamugwirabe. Dzuwa lisanafike pamutu anali atavuula nsomba zisanu ndi ziwiri, malaya ali ouma, msana osawawa.

A Zhou anadutsa akupalasa, n'kuyang'ana kawiri. "Ha! Mfumu pampando wake. Kodi nanga nkhope yagweranji, nsomba zili tho m'thumba?"

Munetsi anangokweza dzanja. A Zhou anapitirira, n'kusowa kuseri kwa bango, damu lonse n'kungoti zii. Mpandowo unamukwana ndendende, wopanda potsala pa munthu wina, ndipo ndi tsiku limenelo pamene Munetsi anavomera mumtima kuti achimwene ake anamwaliradi. Anapukuta m'maso ndi mkono, anaika nyambo, n'kuponyanso mbedza.