Chifuwa Kuseri kwa Khoma

Anapita kudziko la eni atangolemba kumene mayeso, kukathandiza kulemba sikelo ya ana pa kachipatala ka kumudzi. Bungwe limene linamutumiza linamupezera banja lokhala nalo. Chiyankhulo cha kumeneko ankachimva mwapatalipatali, ndipo ngakhale kwawo sanali munthu wapakamwa. Sabata isanathe, ana a pakhomopo anali atamutcha kale Kachete.

Anamupatsa chipinda chabwino kuposa zonse: bedi lachitsulo, zenera lagalasi, ndi babu ya sola imene bungwe linaika chifukwa cha iye. Mayi a pakhomopo ankaitana anzawo kudzaona babuyo, kenako kudzaona mlendoyo, ngati zinthu ziwiri zogulidwa tsiku limodzi.

Kuseri kwa khoma lake kunali kachipinda ka makasu ndi matumba a feteleza. Mmenemo munkagona mchemwali wa bambo a pakhomopo, mayi wamasiye wowonda amene aliyense ankangoti Azakhali. Ndiwo okha amene sankamuseka. Tsiku limene Kachete anagwetsa ndowa pamjigo, akazi onse n'kumuwombera m'manja, Azakhali anaitola n'kumupindira nkhata ndi mpango wawo. Ankamulozera zinthu n'kumamutchulira mayina ake: tsache, chikho, sopo. Akapotoza ankangoti, "Bwereza, mwanawe, lilime lilibe fupa." Koma ankatsokomola. Chifuwa chouma, chachitali, chomveka ngati munthu akukoka thumba pasimenti.

Mwezi utatha panabwera fomu ya bungwe. Kachete anaiyankha ngati mayeso, zilembo zoongoka bwino. Funso lomaliza linkati: kodi pali china chimene chikukusowetsani mtendere pakhomo? Panalibe. Koma kusukulu anamuphunzitsa kuti mpata wosalembapo ndi malikisi otaya dala. Anatafuna cholembera, anamva chifuwa kuseri kwa khoma, n'kulemba kuti pali munthu amene amatsokomola kwambiri. Anasangalala kuti mzere wadzaza.

Lachinayi masana kunafika mkulu wa bungwe, amene anthu ankamutcha Chipewa chifukwa chipewa cha njinga yamoto sankachivula ngakhale pomwa tiyi. Anasonkhanitsa banja lonse pakhonde.

"Wachifuwa ndani pano?"

"Iii bwana, pano timatsokomola tonse, ndi mbuzi zomwe," anatero mayi akuseka.

"Mwana wathu walemba pafomu," anatero Chipewa.

Maso onse anagwera pa Kachete. Iye anayang'ana zala zake.

Azakhali analowa m'kachipinda kawo n'kutuluka ndi pepala lakuchipatala lokulunga m'pulasitiki. "Anandiyeza kawiri, achimwene, sanapeze kanthu. Ndi utsi uwu. Zaka makumi awiri ndikuphikira ana asukulu."

Chipewa sanalikhudze pepalalo. "Lamulo silidziwa utsi, mayi. Mlendo wathu sagona khoma limodzi ndi wachifuwa. Achoke mmodzi. Akachoka mlendo, sola ndikumasula lero lomwe."

"Mwamva, alamu?" anatero mayi, kuseka kutatha. "Ndinakuuzani ine, muziluma bulangete. Onani tsopano, chifuwa chanu chakafika kuofesi, eni ake ofesi simunaionepo!"

Azakhali anayang'ana mlongo wawo. Bambo anali otanganidwa ndi kuchotsa kamwala ku nsapato.

Kenako Chipewa anatembenukira kwa Kachete n'kumulankhula m'chiyankhulo cha kwawo, motsitsa mawu. Anati kuseri kwa phiri kuli banja lina lokonzeka. Akafuna alongedze, akwere njinga, ndipo Azakhali atsala pamalo pawo. Zinali kwa iye.

Kachete anaona mjigo wina, akazi ena akumuwombera m'manja, ana ena akumufunira dzina latsopano. Anaona kuyambanso kuphunzira njira ya kuchimbudzi anthu akumuyang'ana. Ankadziwa chimene munthu wabwino akananena, mawuwo anali pakhosi pomwepa.

"Ndazolowera kuno," anatero.

Chipewa anamasulira mokweza kuti aliyense amve. Mayi anamukumbatira mpaka kumupweteka mapewa. "Mwana wanga weniweni uyu! Osati ena odya n'kumatsokomolera m'mbale."

M'mawa mwake panabwera ngolo. Azakhali ankapita kwa msuweni wina wakutali, amene sanaonane naye chimwalirire amuna awo, ndipo sanafunsidwe n'komwe ngati ali ndi malo. Katundu wawo yense anakwana m'thumba limodzi la feteleza. Asanakwere anagogoda pachitseko cha Kachete.

"Ndilowe pang'ono?"

Sanafunefune. Anapita molunjika pazenera, anapisa dzanja pamwamba pa felemu, n'kusolola chithunzi cha mwamuna wovala jekete ndi kapaketi ka singano. Anapukuta fumbi ndi chala chachikulu. Apa m'pamene Kachete anazindikira mwini chipinda chimene ankagonamo mwezi wonsewo.

"Bedi ili anagula ndi awa," anatero Azakhali akumuonetsa chithunzicho. "Mwendo wakumutu ndi waufupi. Uziikapo kachidutswa ka njerwa, apo ayi msana udzakupweteka."

Kachete anafunafuna mawu opepesera. Tsache ankalidziwa, chikho, sopo, koma opepeserawo palibe amene anamuphunzitsa.

"Zikomo," anatero.

Azakhali anamuyang'ana nthawi yaitali. "Watchula bwino," anatero, n'kutuluka.

Ana anaithamangira ngolo akutsanzira chifuwa, aliyense kupikisana kuti chake chimveke kwambiri. Bambo anali atalawirira kumunda. Ngolo isanadutse pamjigo, mayi anali atayamba kale kusesa m'kachipinda kaja, akuimba.

"Kachete, mwana wanga! Sutikesi yako ija ikukupanikiza m'chipinda. Bwera nayo kuno, malo apezeka."

Anainyamula yekha. Pakati pa makasu ndi matumba panali kamalo kosalala, kotalika ngati munthu wogona chopinda miyendo, pamene pankakhala mphasa.

"Ika pomwepo," anatero mayi. "M'pouma bwino."

Anaika pomwepo.