Sajeni Apita ku Bangwe

"Khala pansi, iwe! Ukakhala chonchi m'galimoto ya mkamwini wanga?"

A Ernest Mwale ankakalipira galu wawo, Sajeni, onse ali pamwamba pa matumba a feteleza wa makuponi m'ngolo ya a Tobias. Ng'ombe zinkayenda ngati zikupita kumaliro a munthu amene sizinkamukonda.

"A Kapitawo," anatero a Tobias, "anzanu akuthyolana nthiti pamzere wa feteleza, inu mwatsegula sukulu ya agalu?"

"Ndinayang'anirapo matenanti pa esiteti ine, Tobias. Galu mmodzi angandikanike?"

Esitetiyo inatsekedwa kalekale, koma ukapitawo anausunga monga anasungira jekete lawo. Mayi a kunyumba atamwalira, pakhomo panatsala munthu mmodzi wolamula ndi galu mmodzi womvera.

Kenako mwana wawo Modester, wokwatiwa ku Bangwe ku Blantyre, anaimba foni. Akuba anali atawathyolera nyumba. "Ababa, tipatseniko Sajeni azitilondera." A Mwale anavomera mofuula kuti oyandikana nawo amve, nalonjeza kuti galuyo akafika osadetsa mpando.

Sajeni anali asanakwerepo chinthu cha matayala. Tsiku loyamba m'ngolo anasanzira mapazi a a Tobias. Ndiye maphunziro anayamba. M'mawa ankamutsekera m'lole yakufa ya pachigayo, iwo atagwira chiwongolero, nkhope ili gwa. Masana ngolo, m'mabampu a msewu wa kwa Lukwa. Anamusambitsa ndi sopo wawo yemwe, anamuzula nkhupakupa, namudulira chiguduli cha fodya choti azikagonapo.

"Chachikulu, tsiku la ulendo musamudyetse," anatero a Tobias. "Mimba yopanda kanthu siibweza."

"Ukuphunzitsa ine?"

Loweruka m'mawa galimoto ya mkamwini inaima pabwalo, Modester ali momwemo. Mkamwini anapereka moni atagwada bwinobwino, kenako anayala nyuzipepala pampando wakumbuyo.

"Apongozi, mipandoyi ndi yatsopano. Akangosanza m'njiramu, tibwera kudzamutula."

"Mudzamutula?"

"Eya, tikapeza wina konko."

A Mwale anakumbukira mawu a a Tobias aja. Kenako anati akufuna kupereka malangizo omaliza, natenga galuyo kupita naye kuseri kwa chigafa. Kumeneko anamukhuthulira mkute wonse, ndi nyama ya nkhumba ya mafuta imene anagulira alendo. Anathiraponso mkaka wosasa.

"Idya, mnyamata. Maliza zonse."

Sajeni ananyambita mbale mpaka inawala. Anakwera galimoto mimba ili tantha, nazungulira kamodzi pachiguduli chake, n'kugona.

Galimoto itapita, a Mwale sanalowe m'nyumba. Anatenga chingwe cha Sajeni, nakakhala pachitsa m'mbali mwa msewu. Anawerengera kuti sakadutsa pa Boma galuyo asanasanze. Fumbi lililonse likatuluka ankaimirira n'kukonza jekete. Inadutsa lole ya feteleza. Inadutsa njinga yamoto ya abusa.

Dzuwa litapendeka foni inalira.

"Ababa, tadutsa Dedza!" Modester ankaseka. "Galu wanuyu ndi bwana weniweni. Wangogona. Ngakhale dovu, ayi. Bambo a kunyumba akuti munayenera kukhala mphunzitsi."

A Mwale anakhosomola.

"Ndinakuuzani," anatero. "Ine ndikaphunzitsa chinthu, chimamva."

Anaika foni m'thumba, napinda chingwe chija. Pobwerera, m'kanjira kodutsa m'munda wa fodya, anayenda chakumphepete, kusiya malo kudzanja lamanzere, kumene Sajeni ankayenda.