Chule wa a Dalaiva

A Dalaiva anasiya kuyendetsa mabasi maso atayamba kuwavuta, koma dzinalo linawakanirira. Chimene chinawatsalira chowatangwanitsa chinali chitini cha mabisiketi chodzaza ndi masitampa, amene anayamba kutolera ali mnyamata. Ena anali omatula pa maenvulopu, ena atsopano osagwirapo ntchito. Chitinicho chinkakhala pamwamba pa wadiropu, ndipo tsiku lililonse akachitsitsa m'nyumba munkabuka mlandu.

"Munali sitampa ya njovu muno. Waitenga ndani?"

Akazi awo anali telala, ndipo makina awo anali pakona ya pabalaza pomwepo. Tsiku lina anaimitsa makinawo n'kuwayang'ana.

"Bambo, ine sitampa ndikaisokere pa diresi la ndani? Mwina njovuyo munangoilota. Lembani zonse m'kope, kuti china chikasowa tizidziwa kuti chinalipodi."

A Dalaiva anaona kuti ndi nzeru. Koma poti zilembo zawo zinkaoneka ngati padutsa nkhuku, anaitana mlamu wawo, mchimwene wa akazi awowo, kuti adzagwire cholembera. Mlamuyo ankaimbira mpira kale, n'chifukwa chake aliyense ankawatchula kuti a Refa. Anali munthu wa dazi lowala bwino, tsitsi lili m'mbali mokha, ndipo wenzulo yawo ankayendabe nayo m'khosi ngakhale popita kogula buledi.

Loweruka m'mawa anakhuthulira chitini chonse patebulo lodyera. A Dalaiva anatseka mawindo onse, anazimitsa fani, n'kulengeza kuti pabalaza pasapezeke woyetsemula kapena wopuma mwamphamvu. Kenako anapempha mbale zitatu: ya mbalame, ya nyama, ya anthu. Iwo ankanyamula sitampa ndi kopanira kachitsulo, kuionetsa kwa a Refa, a Refa n'kulemba nambala ndi chimene chajambulidwapo, kenako sitampayo n'kupita m'mbale yake.

Zinayenda bwino mpaka panatuluka mleme.

"Mbalame," anatero a Dalaiva.

A Refa anaimba wenzulo. Masitampa a pafupi ndi pakamwa pawo anadumpha, ndipo Mayi anakhotetsa msoko.

"Mbalame yanji ya makutu, alamu? Imeneyo ndi mbewa yonyamula ambulera."

"Ikuuluka."

"Ndege imaulukanso. Muiika m'mbale ya mbalame?"

Anakangana mpaka tiyi anazizira, kenako anagwirizana kuti mleme ukhale ndi mbale yakeyake. Itatha nkhani ya mleme, panabwera msilikali wokwera hatchi. A Dalaiva anati ndi munthu. A Refa anaika rula pa sitampayo n'kupeza kuti hatchi yatenga malo ambiri kuposa msilikali, choncho chigoli chinali cha nyama. A Dalaiva anakana, n'kuitanitsa mbale ina ya anthu okwera zinthu. Posakhalitsa mbale imeneyo inagawikanso, chifukwa a Refa sanafune kuti wokwera njinga akhale pamodzi ndi wokwera ngamila.

Pofika masana mbale zonse za m'kabati zinali patebulo, pamipando ndi pamwamba pa wailesi. Masosala anatha. Chivundikiro cha poto chinasunga zombo. Mayi anabwera atagwira m'chiuno.

"Achimwene, inu ndinakuitanirani kuti mudzathandize, osati kudzatilanda ziwiya. Tidyera pati?"

"Chemwali, masewera akadali mkati," anayankha a Refa osadzutsa mutu.

Mayi anangotenga nsalu zawo n'kukakhala pakhonde.

Pabalaza panatentha ngati mu uvuni. Amuna awiriwo thukuta linali kamukamu, malaya atamatirira kumsana, ndipo masitampa atsopano aja, okhala ndi guluu kumbuyo, anayamba kukakamira pa zigongono. A Refa ankawachotsa limodzilimodzi, ndipo akamaganiza mozama ankadzisisita pamutu ndi chikhatho, monga mwa chizolowezi chawo.

Kenako a Dalaiva anaima n'kuyang'anitsitsa sosala ina yopanda kanthu.

"Chule ali kuti?"

Inali sitampa yatsopano ya chule wobiriwira wa maso ofiira, imene ankaikonda kuposa zonse. Inali itapatsidwa sosala yakeyake chifukwa analephera kugwirizana ngati chule ndi wa m'madzi kapena wa kumtunda. M'kope inalembedwa bwinobwino, koma m'sosala munalibe. Anasuzumira pansi pa tebulo, anakutumula nsalu, anayang'ana ngakhale m'kapu ya tiyi.

"Muno tilimo awiri," anatero a Dalaiva pang'onopang'ono. "Ine sindingadzibere."

"Mukutanthauza chiyani, alamu?"

"Sindikutanthauza kanthu. Ndikungoti matumba a buluku lanulo ndi akuluakulu."

A Refa anaimirira. Anatembenuza matumba onse, ndipo munatuluka makiyi, mpango ndi switi yakalekale. Kenako anasankha sitampa yofiira m'mbale ya maluwa, anaikweza m'mwamba pamaso pa a Dalaiva monga ankachitira ndi osewera amwano, n'kuloza kukhomo. Atakumbukira kuti nyumbayo si yawo, anaika sitampayo pansi n'kutuluka okha.

Akutembenuka pakhomo, a Dalaiva anamuona chule. Anali atamatirira kumbuyo kwa dazi la a Refa, mowongoka bwino ngati pa envulopu, maso ofiira aja akuwayang'ana.

Anatsegula pakamwa kuti aitane, koma anadzigwira. A Refa ankawadziwa bwino. Akanangomva kuti pamutu pali chinthu, akanakanda ndi zikhadabo, chule n'kung'ambika. Komanso kunena kukanatanthauza kupepesa. Choncho anatenga kopanira kaja n'kuyamba kuwalondola mwakachetechete.

"Mukupita kuti ndi masilipasi anga?" anafunsa Mayi pakhonde.

"Kokagwira chule."

A Refa ankayenda mwandawala chifukwa cha mkwiyo. Anadutsa pa shopu ya zitsulo, anawoloka msewu, a Dalaiva ali pambuyo, akubisala kuseri kwa mapolo a magetsi amene sankabisa ngakhale theka la mimba yawo. Pamalo owolokera, a Refa ataima kudikira magalimoto, a Dalaiva anayandikira, ananyanyamphira, kopanira kali m'mwamba. Mayi wina wonyamula chikwama anawaona, anakumbatira chikwama chake n'kusuntha. Magalimoto anaima, dazi n'kuchoka.

Ndiye kunayamba kuwaza mvula. A Dalaiva anaopa kuti chule anyowa. Anavula malaya, anathamanga, n'kuwatambasula pamwamba pa mutu wa a Refa, iwo atatsala ndi vesiti yokha. A Refa anacheuka, anayang'ana malayawo, anayang'ana vesiti, ndipo nkhope yawo inafewa.

"Alamu, mwanditsatira mtunda wonsewu kuti ndisanyowe?"

"Mutu ndi wofunika kuusamala," anatero a Dalaiva.

"Ine ndimadziwa kuti mtima wanu ndi wabwino. Pakamwa pokha ndi pamene mulibe mabuleki. Ndakukhululukirani."

Anayenda chomwecho, wina pansi pa denga la malaya, wina akunyowa, a Refa akufotokoza za osewera ambiri amene anawakhululukira pa moyo wawo. Nthawi iliyonse akakweza dzanja kuti adzisisite pamutu, a Dalaiva ankaligwira n'kuwapatsa moni wachikondi. A Refa anakhudzidwa kwambiri.

Anakafika kwa wometa tsitsi, kumene a Refa ankakonda kupita akakhumudwa, kukachepetsa ndevu ndi tsitsi la m'mbali lija n'kudandaula pang'ono. Anakhala pampando, wometayo anawafunditsa nsalu n'kuzungulira kumbuyo, makina ali m'manja. Anaima. Anawerama. Anayang'ana a Dalaiva, amene anali pakhomo akugwedeza manja onse awiri, chala china chili pamlomo.

Wometayo sanali munthu wosunga nkhani.

"Bambo, alamu anuwa mukuwatumiza kuti? Keyala simunalembe."

Onse amene ankadikira pabenchi anadzuka kudzaona. Wina anati sitampa imodzi siingakwane munthu wolemera chonchi. Wometa anatenga kagalasi kakang'ono n'kuwaonetsa a Refa kumbuyo kwa mutu wawo. A Refa anayang'anizana ndi chule kwa kanthawi. Dzanja linayamba kukwera, koma a Dalaiva analidumphira.

"Musakande, alamu, ndagwira mwendo wanu."

"Ndiye malaya aja anali a chule?"

"Anali a nonse awiri."

"Nanga moni uja?"

A Dalaiva anayang'ana pansi, pa masilipasi a maluwa a akazi awo.

A Refa anafuna kukwiyanso, koma kukwiya utafunditsidwa nsalu mpaka m'khosi, anthu akukuzungulira, n'kovuta. Anangoti, "Chotsani nyama yanuyo."

Wometa anaviika thaulo m'madzi otentha, analifinya, n'kuligwira pafupi ndi dazi kuti nthunzi ifewetse guluu. A Dalaiva analowetsa kopanira pansi pa ngodya imodzi, benchi yonse itasiya kupuma. Chule anamatuka wathunthu, timano tonse ta m'mphepete mwa sitampayo tili bwinobwino. Anamuika m'bokosi la machesi lopanda kanthu limene wina anapereka, ndipo anthu anawomba m'manja. Kenako wometa anagwira ntchito yake ya masiku onse, kuchepetsa ndevu ndi m'mbali, n'kuwakuntha a Refa ndi burashi.

Pobwerera anakangana ngati chuleyo alembedwebe kuti ndi watsopano. A Refa anati sitampa imene yayenda ulendo, yanyowa ndi mvula, n'kukafika kumene imapita, yagwira ntchito basi. A Dalaiva anati palibe amene anaidinda. Kunyumba anapeza mawindo ali otsegula, mbale zonse zatsukidwa, masitampa ali m'timabokosi ta mabatani, atasanjidwa potengera mtundu: ofiira paokha, obiriwira paokha. Mleme unali pamodzi ndi msilikali, chifukwa onse anali akhaki. Amuna awiriwo anayang'ana Mayi, amene anali ndi sizasi yaikulu m'manja, ndipo onse anavomereza kuti ndi dongosolo labwino.

Chimene palibe anawauza a Refa n'chakuti guluu wina anatsalira pa dazi, ndipo tsitsi lometedwa lija linamatirirapo. Anafika kwawo ali ndi kamunda ka tsitsi ka ngodya zinayi kumbuyo kwa mutu. Akazi awo atakaona anaitana aneba, akuti mafuta amene akhala akuwapaka bambo ayamba kugwira ntchito. A Refa atadzikhudza kumutu anadziwa bwino chimene chinachitika, koma anaona mmene mayiwo anasangalalira, ndipo mlungu wonsewo ankasamba kuyambira m'khosi kupita m'munsi.